M'mapazi a Malemu Yohane

Godwin adakwatira m'mudzi wina waung'ono kumwera kwa Chipoka, mudzi wopanikizika pakati pa njanji ndi nyanja, ndipo adakhala chikamwini kumeneko zaka zingapo popanda kusiya chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti pakhomopo pali mwamuna. Kwawo kudali ku Khombedza. Sadali wankhanza, sadali wakuba, ndipo pakamwa pake sipankatuluka zotukwana. Vuto lake lidali lakuti tsiku linkamudutsa monga madzi adutsira m'lichero. Ankadzuka dzuwa litakwera, alovi atatsitsa kale usipa padoko, n'kusukusula mwaulesi, n'kulunjika pabawo. Masana ankati kwatentha, madzulo ankati kwada, ndipo mowa wa m'masacheti unkamaliza zotsalazo.

Mkazi wake, Rute, ndiye ankagula usipa m'mawa, kuuyanika pathandala ndi kukaugulitsa kumsewu. Mkaziyu Godwin ankamukonda, ndipo pa ichi padalibe chinyengo. Rute ankamutcha kuti Godi ngakhale pamaso pa anthu, ndipo akamukalipira, mkwiyo wake sunkafika madzulo. Adali ndi mwana mmodzi wamkazi, Hope, amene adali atangoyamba kulumikiza mawu.

Amene ankaphimba manyazi a Godwin adali apongozi ake aamuna, a Yohane, munthu amene adagwira ntchito yoyendera njanji mpaka imvi zitamera. A Yohane adali munthu wadongosolo, kotero kuti anthu a m'mudzimo ankadziwa nthawi poona pamene mkuluyo ali. Tsache likamveka pabwalo, ndiye kuti kwatsala pang'ono kucha. Akawaona kudimba ndi kheni, ana ankafulumira kusamba kuti apite kusukulu. Akakhala pampando wawo wandalema patsinde pa mango ndi ukonde pamiyendo, amayi ankadziwa kuti nthawi yosonkha moto yakwana. Denga la mkamwini likadontha ankalifolera iwowo osanena kanthu, koma kukhala chete kwawo kunkabaya kuposa mawu. Chaka chimenecho, mwera utangoyamba kuomba, a Yohane adadwala chifuwa masiku ochepa, namwalira.

Monga mwa mwambo wa banjalo, zipangizo za malemu zidamangidwa mtolo umodzi n'kuikidwa kutsindwi kwa kanyumba kosungiramo katundu: tsache, khasu, chikwanje, kheni, singano yosokera ukonde ndi chikho chawo chomwera madzi. Mpando udapindidwa n'kuikidwa komweko. Padalibe woyenera kuzikhudza mpaka chiliza chitamangidwa, pamene abale akanadzagawana. Akuluakulu ankati manja a munthu sachoka msanga pa chinthu chimene adachigwira tsiku ndi tsiku.

Atasesa maliro, a Christopher, malume ake a Rute, amene adali mwinimbumba, adaitana Godwin kuseri kwa nkhokwe.

"Khalani apo, akamwini. Sindikufuna kukweza mawu, maliro adakali m'mitima," adatero a Christopher. "Alamu anga aja ndiwo ankanyamula khomo lino, lanu lomwe. Tsopano agona. Kodi tsopano linyamulidwa ndi yani?"

"Ndiyesetsa, amalume."

"Mawu amenewo ndinawamva chaka chatha, ndi chaka chinacho. Tiyeni tichite chonchi. Mvula yoyamba ikadzagwa tidzaitana ankhoswe anu ochokera ku Khombedza, tidzakhale pansi. Tikadzakupezani muli monga mulilimu, tidzakusudzulani mwaulemu, mubwerere kwanu. Mwana atsala kuno, paja mukudziwa."

Godwin adaomba m'manja nachoka. Kutaya Rute ndi Hope ndi chinthu chimene sadachiganizirepo, pakuti munthu waulesi amayesa kuti zimene ali nazo zidzakhala zake mpaka kalekale.

Adayamba mwa mphamvu. Adatchera alamu pafoni, adalumbira m'tchalitchi kuti mowa wausiya, ndipo tsiku loyamba adafuna kulima, kufolera, kutunga madzi ndi kusoka ukonde zonse pamodzi. Pofika masana msana udakana. M'mawa mwake foni idalira, iye naizimitsa ali mtulo. Sabata isadathe adapezekanso pabawo, ali ndi manyazi owirikiza.

Mnzake Haruna, Msilamu wogula nsomba padoko, adamupeza atakhala pabwato lovundikira, mutu uli m'manja.

"Iwe vuto lako ukufuna kumeza kampango ndi minga yomwe," adatero Haruna. "Taona ife. Swala, mapemphero athu aja, imagwira tsiku ngati mitengo ya thandala. Ndikaswali m'bandakucha, miyendo imadziwa yokha kuti tsopano n'kudoko. Sindikambirana nayo. Iwe sankha kanthu kamodzi kakang'ono, ukamangirire pa chinthu chimene umachita kale. Ukasukusula, utunge ndowa imodzi. Basi. Ikazolowera, uwonjezere china."

"Ndowa imodzi? Mvula igwa ine ndili pa ndowa yachitatu. Amalume aja sakuwerenga ndowa ayi."

"Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha."

"Tsokonombwe analibe ankhoswe omudikira," adayankha Godwin. Kenaka nkhope yake idawala. "Nanga ndivutikirenji kusema bwato pamene lina lili pamtunda lopanda mwini? Tsiku la apongozi anga lija ndimalidziwa lonse. Ndinkaliona ndili gone pakhonde. Ndingolitenga momwe lilili, kuyambira patsache mpaka pampando."

Haruna adaseka, koma kuseka kwake kudathera panjira. "Utengeko nzeru yake, osati lonse. Bwato la mwini limadziwa madoko a mwini."

"Ulaliki umenewo ukachite Lachisanu," adatero Godwin, nanyamuka.

M'bandakucha wa tsiku lotsatira, azana itangomveka kuchokera kumzikiti wa kutsidya kwa njanji, Godwin adalowa m'kanyumba kaja natsitsa mtolo. Ankadziwa bwino kuti ndi choletsedwa. Adadziuza kuti akungobwereka, ndiponso kuti kugula zipangizo zatsopano kungamuchedwetse. Atagwira tsache, adadabwa kuona kuti mpini wake udali wofunda, ngati wina wangoutula kumene, ndipo zala zake zidagwera m'malo osalala amene zala zina zidaperesa. Adasesa kuyambira pakhomo kulowera kumtengo wa mango, osabweza zinyalala kunyumba, monga momwe ankachitira malemu. Atamaliza sadafunike kuganiza. Adanola chikwanje, adathirira dimba, adatsata kanjira ka m'mbali mwa njanji mpaka kudoko, nalonjera khomo lililonse podutsa. Pobwerera adatambasula mpando patsinde pa mango nayamba kusoka ukonde wa alovi ena umene udang'ambika.

Apongozi ake aakazi, a Nankhoma, adaona mpandowo ali patali, naima nthawi yaitali manja ali pachifuwa. Koma mkamwini salankhulidwa maso ndi maso, ndipo a Christopher atamva adangoti, "Musiyeni. Bola zipangizozo zadzutsa munthu."

Masiku adatsatana, ndipo chimene chidamulaka zaka zonse chidakhala chopepuka ngati kupuma. Alamu ya pafoni ija sadaitcherenso. Maso ankatseguka okha, mapazi n'kupeza okha pansi. Ludzu la mowa lidazilala popanda nkhondo, pakuti m'tsiku la a Yohane mudalibe mpata umene mowa ukanalowerapo. Dimba lidabiriwira, denga lidafoleredwa, alovi adayamba kumubweretsera maukonde namupatsa nsomba. Amayi podutsa ndi ndowa ankanong'onezana kuti mwana wa ku Khombedza uja wasanduka munthu. Rute adasangalala kwambiri masabata oyambawo. Tsiku lina adamubweretsera mbatata yootcha pansi pa mango namutsina khutu.

"Godi, kodi ndiwe yemwe uja? Kapena anandisinthira kumsika?"

"Ndine ndemwe. Uzisamala, akazi a ku Chipoka ayamba kundiyang'ana."

"Akuyang'ane, akamva kulizako mkonono akubweza okha."

Adaseka onse awiri, ndipo Godwin adaona kuti nkhondo yake wapambana.

Zachilendo zidayamba pang'onopang'ono, moti sakanatha kunena tsiku limene zidayambira. Polonjera makomo a m'mbali mwa njanji adapezeka akutchula anthu ndi mifunda yawo, a Nasibeko, a Nangondo, a Jere, chonsecho sadafunsepo munthu aliyense za mifundayo. Pamalo pena, pamene njanji imapinda pang'ono pafupi ndi mlambe, mapazi ake ankaima okha tsiku lililonse, iye n'kuwerama, n'kugogoda chitsulo ndi ndodo, n'kumvetsera. Sankadziwa chimene akumvetsera, koma mtima sunkakhazikika akapanda kutero. Bondo lamanzere lidayamba kuwawa pokwera chitunda cha kudimba. M'mawa asadasese ankatsokomola kawiri, chifuwa chouma chochokera pansi, ngakhale kuti sankadwala.

Tsiku lina pochokera kudoko adakumana ndi a Nankhoma pakanjira kopapatiza, atasenza mtolo wa nkhuni. Aliyense wodziwa mwambo akudziwa kuti mkamwini akaona apongozi ake akubwera amapatukira kutchire, nawonso amatembenukira kumbali, moni n'kuperekedwa chapatali. Kwa zaka zonse awiriwa ankachita zimenezo mosaphonya. Tsikulo palibe amene adapatuka. Adakumana pakati pa njira, ndipo a Nankhoma adamuyang'ana m'maso.

"Mwachedwatu lero," adatero mayiwo.

"Bondo ili," adayankha Godwin. "Nkhuni zimenezo n'zaziwisi, zikutsamwitsani ndi utsi."

"Inu ndiye simulephera kupeza chifukwa."

Adadutsana mapewa atakhudzana. Godwin adayenda mpaka pamtengo wa mango, nakhala pansi, ndipo ndi pamene chimene chidachitikacho chidamufika m'mutu. Adayang'ana kunyumba ya apongozi ake, naona mayiwo akutsuka chikho chija, akuimba chapansipansi. Posakhalitsa adamubweretsera madzi, nagwada, namupatsa m'manja, ndipo dzanja lake lidalandira lisadamufunse.

Madzulo a tsiku lomwelo Hope adathamangira kumpando, nakwera pamiyendo pake, namugwira chibwano.

"Agogo," adatero mwanayo.

"Ndi adadi awa," adatero Rute ali pakhonde, koma mawu ake adatuluka ofooka. Adabwera nanyamula mwanayo, osamuyang'ana mwamuna wake kumaso.

Kuyambira pamenepo Rute adasintha. Dzina lakuti Godi silidamvekenso. Pobweretsa chakudya ankagwada chapatali, n'kukadyera kukhitchini ndi amayi ake. Kenaka adanena kuti mwana akutentha thupi, nasamutsira mkeka wake kunyumba ya a Nankhoma, ndipo mwanayo atachira mkekawo sudabwerere. Godwin adapirira masiku angapo, kenaka adamulondola kuthandala masana, komwe ankatembenuza usipa.

"Ndakulakwira chiyani?" adafunsa. "Suja unkafuna munthu wodzuka m'mawa? Suja unkalira kuti anzako akukuseka?"

Rute adapitiriza kutembenuza nsomba. "Simunalakwe."

"Nanga bwanji ukundithawa?"

"Mukamabwera kumbuyo kwanga ndimamva mapazi," adatero mkaziyo pang'onopang'ono. "Phazi limodzi lolemera, lina lokoka. Ndinakulira mapazi amenewo. Ndikatembenuka ndimaona nkhope yanu, koma thupi langa limakhala litagwada kale. Ndiuzeni, munthu angagone bwanji m'nyumba imodzi ndi mapazi amenewo?"

Godwin adamva chisoni chachikulu, natambasula dzanja kuti amugwire paphewa monga ankachitira kale. Adafuna kunena kanthu koseketsa, kamene kakanamukumbutsa masiku a kumsika wa Khombedza pamene ankamufunsira. Koma dzanjalo lidakagwera pamutu pa mkaziyo, mofatsa, ndipo pakamwa pake padatuluka mawu akuti, "Usalire, mwana wanga. Usipawo wauunjika kwambiri mbali iyi, uwola."

Rute adabwerera m'mbuyo mpaka adagunda mtengo wa thandala. Sadakuwe. Adangotola beseni lake nachoka, akuyenda mofulumira ngati munthu wodutsa pamanda.

Godwin adapita kudoko kukafuna Haruna, ngakhale kuti miyendo inkamukokera kumpando chifukwa nthawi yosoka ukonde idali itakwana. Haruna atamuona akubwera adaimirira, navula kapu, napereka moni ndi manja awiri. Kenaka adadziyang'ana manjawo modabwa.

"Wallahi, ndimayesa munthu wina," adatero. "Takhala pansi, iwe. Ukuyenda bwanji choncho?"

Godwin adamufotokozera zonse. Haruna adamvetsera akukanda mamba a nsomba pachala, ndipo ulendo uno sadaseke.

"Bweza zinthu za eni kutsindwi," adatero. "Mawa usadzuke. Ugone mpaka dzuwa likuotche, monga unkachitira. Pa ntchito imeneyo ndiwe katswiri, sufunika mphunzitsi. Ukalidula tsiku limodzi, mwina chingwe chimasuka. Ukatero uyambe zako, ngakhale ndi ndowa imodzi ija."

"Nanga mvula? Mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri."

"Kuli bwino akusudzule uli iweyo."

Madzulo amenewo Godwin adamanganso mtolo uja, napinda mpando, nabwezera zonse kutsindwi. Adatseka kanyumbako ndi waya, nakagona yekha m'nyumba mwake.

M'bandakucha maso adatseguka pa nthawi yake. Azana idamveka kutsidya kwa njanji. Godwin adadzifunditsa bulangete kumutu nagwiritsa mwendo wa bedi ndi manja onse. Miyendo inkayabwa, chifuwa chinkakwera, koma adaluma mano nachibweza. Azana idatha, kunja kudakhala zii. Adayamba kukhulupirira kuti wapambana.

Ndiye tsache lidamveka pabwalo.

Lidayambira pakhomo penipeni, kuseri kwa chitseko, likukoka mchenga mosafulumira, kulowera kumtengo wa mango. Sikudali kusesa kwa Rute, kumene kumakhala kwachangu, ndiponso sikudali kwa a Nankhoma. Kudali kusesa kwa munthu wosunga bondo limodzi. Godwin adagona chomvetsera, tsache likutalikira pang'onopang'ono. Potsiriza adaona kuti kusadziwa kukumupweteka kuposa kuona, ndipo adaganiza zodzuka kuti akasuzumire pazenera.

Sadakumbuke kuti adaponda pansi. Adangopezeka ataima patsinde pa mango, tsache lili m'manja, zinyalala zitaunjikidwa bwino pamapazi ake, bwalo lonse kumbuyo kwake lili ndi mizere yoongoka. Kum'mawa kudali kutayera. Chitseko cha nyumba yake chidali chotsegula, ndipo kudzera pakhomopo ankatha kuona bedi, ndi bulangete litatukumuka monga limachitira pakakhala munthu wodzifunditsa kumutu. Adaliyang'ana nthawi yaitali. Mantha aja adali atachoka. M'malo mwake adamva kunyansidwa kozizira, kwa munthu amene wapirira zaka zambiri, ndipo m'mutu mwake mudadutsa ganizo lakuti, kodi mnyamata ameneyu adzadzuka liti? Adapukusa mutu, natsamiritsa tsache pamtengo, napita kukanola chikwanje.

Mvula yoyamba idagwa sabata yomweyo, fungo la dothi lidadzaza mudzi, ndipo a Christopher adatumiza uthenga ku Khombedza. Wobwera adali Dalitso, mkulu wake wa Godwin, amene adali nkhoswe yake. Dalitso adafika dzuwa lili pamutu, napeza mng'ono wake ali pampando wandalema. Adabwera akumwetulira, atakonzeka kumugwira pakhosi monga amachitira pachibale, koma atayandikira adachepetsa liwiro, nanjuta, napereka moni waulemu. Kenaka adakakhala pamkeka akuyang'anayang'ana uku ndi uku, ngati akufuna munthu wina amene sadafikebe.

Anthu adasonkhana pansi pa mango pomwepo. A Christopher adakhala pachitsa, a Nankhoma ndi Rute pamkeka wa amayi, mwana ali pamiyendo. Godwin adadziwa kuti mkamwini woweruzidwa ayenera kukhala pansi, koma thupi silidachoke pampando, ndipo palibe amene adaona cholakwika. M'kati mwake adali atakonza mawu. Adawabwereza m'mawa wonse pothirira dimba: adzapempha kuti amulole kutenga Rute ndi mwana apite nawo ku Khombedza, kutali ndi bwalo ili, njanji iyi ndi mpando uwu, akayambe ndi manja opanda kanthu. Adawagwiritsa mawuwo mumtima monga wopalasa bwato agwirira nkhafi pa mwera.

A Christopher adatsegula nkhani. "Ankhoswe, takuitanani pa mlandu umene ndikuona kuti watha wokha. Onani bwaloli. Onani denga, onani dimba. Ine ndinalankhula mawu olimba, lero ndikuwabweza. Palibe mkamwini m'mudzi muno wofanana ndi ameneyu." Adatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo. "Rute, mwini banja ndiwe. Tiuze kuti mtima wako wakhazikika, anthu amwe thobwa azipita."

Rute adayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Amalume, ntchito zonsezo ndaziona, ndipo ndikuthokoza," adatero. "Koma mwamuna wanga sindikumuona. Munandilonjeza kuti mudzandikonzera mwamuna. Amene ndinali naye anali waulesi, inde, koma ndinkamudziwa. Ndamufuna pakhomo pano masabata onsewa."

"Ukunena chiyani, mwana iwe? Si uyu wakhala apayu?"

Rute sadadzutse maso. A Nankhoma adasuntha pamkeka nati chapansipansi, "Musamukakamize mwana."

Dalitso adatsegula pakamwa kuti ateteze mbale wake, nayang'ana kumpando, natsekanso. Pa zaka zonse zimene a Christopher adaweruza nkhani za mbumba yawo pansi pa mtengo umenewu, zikafika povuta ankatembenukira kumpando uja, chifukwa mawu otsiriza ankachokera kumeneko ngakhale kuti mwini mpando adali wobwera. Adatembenuka osaganiza.

"Nanga inu alamu, mukutipo bwanji?"

Imeneyi ndiyo idali nthawi yake. Godwin adakoka mpweya, nasonkhanitsa mphamvu zake zonse kumbuyo kwa dzina la mkazi wake. Adamva mawu aja akukwera, Rute, ndine, tiye tizipita. Adafika pakhosi. Pamenepo chifuwa chouma chija chidatsokomola kawiri, manja adapinda ukonde mwadongosolo nauika pambali, ndipo pakamwa padalankhula mofatsa, mopanda mkwiyo.

"Ine ndakhala chete nthawi yaitali, chifukwa nkhani za mbumba si zanga. Koma poti mwandifunsa, ndinena. Mnyamata ameneyu ndamuyang'ana zaka zonsezi. Mtima woipa alibe. Koma munthu amene sangaimike tsiku lake ndi manja ake, n'kumakatenga la wina, za kutsindwi zomwe, mwana wanga sangamusunge. Mumasuleni mwanayu. Mnyamatayo abwerere kwawo."

Madontho otsala a mvula ankagwa kuchokera m'masamba a mango. A Christopher adagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga ankachitira nthawi zonse mawu akachokera pampandopo.

"Mwamva, ankhoswe," adatero. "Ife tilibe choonjezera."

Dalitso adaomba m'manja katatu mwaulemu, nkhope yake ili yotuwa, navomera.

Rute adanena kuti apita kaye ku Chitala kwa amayi ake aang'ono, akathandize kubzala chimanga, ndipo palibe adamuletsa. Adalowa m'nyumba namanga katundu wake. Potuluka, mwana ali kumsana, adabwera kumpando nagwada patali pang'ono, manja ali pamaondo.

"Ndapita," adatero. "Mutsale bwino."

Penapake pansi kwambiri, pamalo opapatiza ndi amdima ngati pansi pa bulangete, Godwin adafuula dzina lake mpaka mawu adasasa. Pampando padangomveka malangizo akuti akwere minibasi ya kutsogolo kusadade, amufunditse mwana chifukwa kumtunda kumazizira mvula ikagwa, ndipo akapereke moni kwa onse. Rute adayankha kuti wamva. Adanyamuka, nadutsa pabwalo, nawoloka njanji osacheuka.

Padatsala nkhani ya katundu wa wosudzulidwayo. Munthu wa pampando uja adanyamuka, akusunga bondo, nalowa m'nyumba ya mkamwini. Adasonkhanitsa malaya, mathalauza awiri, jezi ya mpira, nsapato zokutha ndi foni, nazipinda bwinobwino chimodzichimodzi, nazimanga m'nsalu ndi mfundo yolimba. Adatuluka nazo napereka kwa Dalitso ndi manja awiri.

Dalitso adalandira mtolowo naukumbatira pachifuwa. Adayang'ana nkhope imene adakula nayo m'nyumba imodzi, nafunafuna m'maso mwake.

"Nanga amayi ndikawauze chiyani?" adafunsa.

"Mukawauze kuti tinayesetsa naye mwana wawo," adayankha munthu wa pampando uja. "Muyende bwino, bambo. Njira ya kumsewu ndi iyo, mutsate njanji."